Nkhunda Zopotoka Makosi ndi Mchere wa M'nyumba Mwanga

Nkhunda zanga zinafa ndi kachilombo kochokera m'zitosi za kabawi. Sizinafe chifukwa cha chigololo. Mfundo yaikulu ndi imeneyo, ndipo ndaiika patsogolo dala, kuti wina akaodzera pakati pa umboni wanga apite kwawo atamva chofunika.

Aleluya mumpingo! Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Amayi, abambo, achinyamata, mtendere ukhale nanu. Inu mwachokera kwa Malemia, ndi inu mwaoloka pabwato kuchokera kwa Nyachikadza, takhuta kwambiri, zikomo pobwera.

Dzina langa ndine Lusiya, koma ambiri kuno mumanditchula kuti mayi a Tiyese. Kwathu ndi ku Thyolo. Ndisanakwatiwe ndinkalemba nkhani m'nyuzipepala ku Blantyre, mpaka pomwe anachepetsa antchito, dzina langa likhala limodzi mwa ochotsedwa. Ntchito inatha koma chizolowezi chinatsala. Ndikaona chinthu ndimafunsa kuti chachitika n'chiyani, liti, kuti, ndipo waona ndani. Ndiye mundikhululukire ngati umboni wanga ukumveka ngati nkhani za pawailesi.

Amuna anga, a Zuze, ndi awo akhala kumbuyoko avala malaya oyera. Alamu anga a Dominga, mlongo wawo wamkulu wa amuna angawo, ndi awo ali pafupi ndi zenera. Onse awiri andilola kuti ndinene zonse. Ndinawafunsa ndisanaime pano.

Tinali bwino, abale ndi alongo. Sitinali olemera, koma tinali bwino. Amuna anga amadula nzimbe ku esiteti, ndipo nyengo yodula ikafika amakhala komweko, kubwera kunyumba mwezi ukatha. Ine ndimatsala ndi ana awiri, Tiyese ndi mng'ono wake Yohane. Ndi nkhunda.

Nkhunda zimenezi zinali za malemu apongozi anga aamuna. Madzi osefukira atatichotsa kumunsi kuja n'kutikweza kumtunda kuno kufupi ndi Bangula, tinataya mbuzi, tinataya nkhokwe, koma nkhunda zinauluka n'kudzatera pamtengo, tinazipezanso. M'banja la amuna anga nkhundazo si ziweto chabe. Ndi chomwe chinatsala cha bambo awo. Chinatsalanso china ndi mtondo wakale wosweka m'mbali, womwe malemuwo ankathiramo madzi a nkhunda. Lamulo lawo linali limodzi: chomwera nkhunda ukachikhazika pamalo sumachisunthanso, ukachisuntha nkhunda nazo zimasamuka.

Amuna anga anamanga khola pansi pa mtengo wa nsangu. Anaganiza bwino. Mukuudziwa nsangu, umayoyola masamba nthawi ya mvula, n'kuphuka nthawi yotentha. Pomwe dzuwa la kuno likuwotcha mpaka mchenga osapondeka, pansi pa nsangu pamakhala mthunzi. Mtondo uja anaukhazika pomwepo, patsinde. Nkhunda zinaswana. Maunda ndinkakagulitsa ku Bangula, kwa bambo wina wa lesitilanti, ndipo sopo, makope a ana ndi ndiwo zinkachokera pamenepo. Ndinkapita pakabaza, ndinkabwera pakabaza, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Mu Ogasiti nkhunda zinayamba kutsegula m'mimba. Zinkamwa madzi kwambiri, zikufufumala nthenga, osafuna mapira. Zingapo zinafa. Ndinati ndi chitopa. Aliyense anati ndi chitopa. Koma ndinaona chinthu chimodzi: nkhuku zanga zinali bwinobwino, ngakhale anapiye osalandira katemera. Za oyandikana nawo nazonso zinali bwinobwino. Chitopa chikalowa m'mudzi sichisankha. Ndinazisunga mumtima. Patapita masiku nkhunda zotsala zinachira, zinayambanso kulira padenga. Ndinabwera muno ndinathokoza Mulungu. Ena a inu munandiombera m'manja.

Abale, ndinathokoza msanga.

Mu Okotobala, m'mawa wina, Yohane anabwera akuthamanga. "Amayi, nkhunda ikuyang'ana kumsana kwake!" Ndinatuluka. Inali pansi pa khola, khosi litapotoka, mlomo uli kumwamba, maso akuyang'ana kumchira. Ikati ijompe mapira, ikujompa pambali. Ikati iyende, ikuzungulira pamalo amodzi. Ikati iuluke, ikugwa chagada. Mawa lake ina. Mkuja wake zina ziwiri.

Anthu anabwera kudzaonerera. Ankaima kuseri kwa mpanda, manja ali m'chiuno, osalowa. Palibe ananena kanthu kwa ine. Koma inu mukudziwa zomwe timanena kuno za nkhunda. Timati nkhunda ndi mbalame yaukhondo. Timati siikhala pakhomo pa ndewu, siipirira pakhomo pomwe wina akuyenda njira zam'mbali. Mwamuna ali ku esiteti. Mkazi amapita ku Bangula atadzola mafuta. Nkhunda zapotoza makosi, zikukana kuyang'ana chitseko cha nyumba. Nkhani inalembeka yokha popanda mtolankhani.

A Dominga anafika pa njinga kuchokera kwa Malemia. Sanalandire ngakhale madzi akumwa. Anapita kukhola, anayang'ana, anabwerera.

"Alamu, nkhunda za bambo zikuthawitsa nkhope. Zaona chiyani m'nyumba muno?"

Ndinati, "Zadwala, alamu. Ndi matenda."

"Matenda osagwira nkhuku? Nkhabe, ayi ndithu! Ine ndakulira nazo nkhunda izi. Chitopa ndimachidziwa. Ichi si chitopa."

Abale, mfundo yomwe ine ndinaona ndi maso anga, yoti nkhuku sizikudwala, ndi yomweyo anandikanthira nayo.

Anaimbira foni amuna anga. Amuna anga anasiya chikwanje pakati pa sabata, chinthu chomwe sanachitepo. Anafika phulusa la nzimbe lili m'tsitsi. Anaima pansi pa nsangu nthawi yaitali, atanyamula nkhunda imodzi, akuyesa kuiwongola khosi ndi chala. Akasiya, khosi linkabwerera. Kenako anandiyang'ana. Sindidzaiwala mayang'anidwe amenewo.

"Mayi a Tiyese, wa lesitilanti uja dzina lake ndani?"

Ndinawauza dzina. Ndinati ali ndi mkazi, ndipo mkaziyo ndi amene amandilipira. Ndinati tiyeni tipite tonse mukamufunse. Iwo anati, "Wakuba amavomera?"

Abale a amuna anga anakhala pansi Loweruka lomwelo, pakhonde pathu. Ankhoswe anga ali kutali ku Thyolo, sanawadikire. Chigamulo chinabwera ndi a Dominga. Anati atenga nkhunda zomwe zikuoneka zamoyo apite nazo kwawo, kukhola la amuna awo a Tomasi, kuti mbewu ya bambo isathe. Anati, "Kwanga kulibe zonyansa. Zikakakhala bwino kwanga mpaka nzimbe zitatha, ndiye kuti vuto ndi khomo lino, ndipo mwini khomo tikumudziwa. Adzakwera minibasi ya ku Thyolo. Ana ndi athu, malowolo tinapereka."

Ana ndi athu. Amayi a kuno mukudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Kwathu ku Thyolo ana amatsata mayi. Kuno amatsata bambo. Ndinkadziwa zimenezi pokwatiwa, koma kudziwa ndi kumva pakhonde pako ndi zinthu ziwiri.

Anagwira nkhunda zija imodziimodzi. Iliyonse anaithothola nthenga zazitali za phiko limodzi, monga timachitira posamutsa nkhunda, kuti isauluke kubwerera kwawo. Anaziika m'dengu, anaphimba ndi chidutswa cha ukonde, anamanga pa njinga. Asananyamuke anatembenuka nati kwa mwana wanga, "Tiyese, kuyambira lero mchere m'ndiwo uzithira ndiwe. Amako asakhudze."

Mukumvetsa, amayi. Mkazi woganiziridwa chigololo akathira mchere, amati ana atupa, mwamuna adwala tsempho. Ndinayang'ana amuna anga kuti anene kanthu. Anayang'ana pansi. Lolemba anabwerera ku esiteti osanditsanzika.

Ndiye moyo wanga unakhala wotere. Ndimasenda, ndimadula, ndimatereka poto. Zikawira ndimaitana mwana wa sitandade folo kuti adzathire mchere, ine nditaima pambali ngati mlendo. Tsiku lina anathira wambiri, ndiwo zosadyeka, analira. Tsiku lina anaiwala. Kudilawo ndikafika nkhani zinkaduka. Ku Bangula ndinasiya kupita. Muno mumpingo ndinkakhala benchi yakumbuyo, ndipo benchiyo inkakhala yanga ndekha. Sindikudzudzula munthu. Ndikungonena momwe zinalili.

Tsiku loipa kwambiri linali la mbatata. Ndinawotcha mbatata, ndinasenda, ndinapatsa Yohane. Mwana sanatambasule dzanja. Anabisa manja kumbuyo nati, "Azakhali anati mukandipatsa chakudya nditupa." Mwana wanga! Mwana amene ndinamunyamula kumsana madzi ali m'chifuwa! Ndinaika mbatata ija pambale, ndinakankhira kwa Tiyese kuti amupatse ndiye. Anadya. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba.

Abale ndi alongo, ndikuuzeni vuto lomwe ndinali nalo popemphera. Ndipemphe chiyani? Nkhunda za kwa a Dominga zikakhala zamoyo, ine ndataya ana. Ndiye ndigwade ndinene kuti, Ambuye, dwalitsani nkhunda za alamu anga? Pemphero lotere limatuluka bwanji m'kamwa mwa Mkhristu? Ndinagwada, mawu osabwera. Ndinagwadanso, mawu osabwera. Pomaliza ndinangoti, "Ambuye, Inu munaona. Ndionetseni nanenso." Basi. Pemphero langa lonse linali lomwelo.

Mulungu sananditumizire loto. Sanatumize mneneri. Anangondichotsera zochita. Popeza sindinkapita kumsika ndipo palibe ankandichezera, masana ndinkakhala pansi pa nsangu, pafupi ndi khola, kudyetsa nkhunda zodwala ndi dzanja. Masana ena nditakhala choncho ndinamva kuti thapwa! m'madzi a mumtondo. Ndinayang'ana. Chitosi choyera chikusungunuka m'madzi omwe ndinali nditangothira kumene. Ndinakweza maso. Panthambi yomwe ili pamwamba penipeni pa mtondo panali kabawi, atakhala phee. Pamwamba pakenso chisa. Ndinayang'ana m'mphepete mwa mtondo: mizere yoyera, yakale ndi yatsopano. Miyezi yonseyi ndinkaitsuka ndikuyesa ndi ya nkhunda.

Mawa lake ndinakhalanso pomwepo. Ndinaona kabawi uja akutsika, n'kunyamula nkhunda yopotoka khosi yomwe inkazungulira pabwalo. Sanavutike, inali yosatha kuthawa. Anakaidyera panthambi yomwe ija. Atatha, thapwa! mumtondo.

Sindinadziwe tanthauzo lake. Koma kunyuzipepala anatiphunzitsa kuti ukaona chinthu kawiri, kafunse wodziwa. Ndinakulunga nkhunda yomwe inali itangofa kumene, ndinakwera kabaza, ndinapita kwa alangizi a ziweto. Anthu anandiona ndikulowera ku Bangula. Ndinadziwa zomwe akanene. Ndinapitabe.

Alangiziwo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anafunsa za nkhuku. Anafunsa kuti pakati pa kutsegula m'mimba ndi kupotoka makosi panadutsa nthawi yaitali bwanji. Ndinati pafupifupi miyezi iwiri. Kenako anati, "Mayi, sindilonjeza. Matenda opotoza khosi alipo angapo. Koma alipo amodzi omwe ndinawawerengapo, sindinawaonepo ndi maso, ndipo akufanana ndi zomwe mukunenazi."

Anandifotokozera chonchi, ndipo mvetserani inu oweta nkhunda. Kalipo kachilombo ka selo imodzi yokha, kosaoneka ndi maso, ka mtundu womwe a sayansi amautcha Sarcocystis. Kamakhala m'matumbo a mbalame zolusa ngati kabawi, ndipo mwini wakeyo saoneka kudwala. Kamatuluka m'zitosi. Nkhunda ikamwa madzi kapena kujompa chakudya chomwe chagwera zitosizo, imayamba yatsegula m'mimba. Zina zimafa pamenepo. Zina zimaoneka ngati zachira, koma kachilombo kali m'thupi, kakukhazikika mu mnofu. Pakapita masabata ambiri ubongo umatupa, khosi limapotoka. Kabawi akadya nkhunda yoteroyo, kachilombo kabwerera kwawo, n'kuyambiranso. Ndipo anati, "Ngati ndi amenewa, nkhunda sipatsira nkhunda inzake. Imadwala yokhayo yomwe inamwa madzi aja."

Ndinafunsa, "Nanga yomwe inamwa, n'kusamutsidwa isanapotoke?"

Anati, "Yasamuka nako."

Anatenga nkhunda ija kuti aitumize kokapima ku Blantyre. Anati zotsatira zimachedwa. Ndinaimbira amuna anga ndili panja pa ofesi pomwepo. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo. Anamvetsera, kenako anati, "Mwayamba za nyuzipepala zanu. Munapitanso ku Bangula eti?" Anadula.

Nzimbe zinali pafupi kutha. Utsi wa minda yomaliza unkaoneka kumpoto. Ndinayamba kuchapa zovala za ana ndi kusoka mabatani onse, kuti ndikachoka zisawavute msanga. Tiyese anandipeza ndikusoka nafunsa, "Amayi, bwanji mukusoka ndi zosang'ambika zomwe?" Ndinangopitiriza kusoka.

Lachitatu lina masana, kukutentha koti ngakhale mbuzi zinabisala, kabaza anaima pampanda. Anatsika a Dominga. Opanda nsapato. Duku lili pambali. M'manja anyamula dengu lomwe lija. Anakhala pansi, pafumbi, osadikira mkeka. Anatsegula dengu. Munali nkhunda, khosi litapotoka, ikuyang'ana kumchira.

"Alamu," anatero. "Za kabawi zija munauza amuna anu zija. Tanenaninso."

Ndinati, "Zachitika n'chiyani?"

"Zayamba Lamlungu. Lero ndi zingapo. A Tomasi anditulutsira katundu panja." Analira. "Akuti, si iwe unaima pabwalo langa lino n'kulengeza kuti nkhunda izi zimaona chigololo? Akuti, zaona chiyani kuno? Akuti ndimachedwa ku msika wa nsomba. Alamu, ine ndi msinkhu wangawu! Akuti ndichoke lisanalowe dzuwa, ana atsale."

Abale ndi alongo, ndiime pano pang'ono. Ndinali ndi mawu okonzeka. Anali pakamwa penipeni, otentha. Ndikanati, alamu, nkhunda za bambo zaona chiyani m'nyumba mwanu? Ndikanati, mchere akuthirirani ndani lero? Mawu awo omwe, osawonjezera ngakhale limodzi. Ndipo ndikanangokhala chete, mlandu wanga unali utatha kale. Nkhunda zadwala kwawo, ine ndamasuka. Zawo zikanakhala zawo.

Koma ndinayang'ana mapazi awo. Anali atapsa ndi mchenga. Ndinawadziwa mantha omwe anali m'maso mwawo chifukwa ndinali nditadya nawo, kugona nawo, kudzuka nawo kwa masabata. Munthu amene waumva moto umenewo sangaufunire mnzake. Si ubwino wanga. Ndi Mulungu anandigwira lilime. Aleluya!

Ndinati, "Dzukani, alamu. Valani masilipasi angawa. Tiyese, samala mng'ono wako."

Tinakwera makabaza awiri. Panjira a Dominga anaimbira amuna anga, ndipo popeza unali mlandu wa mlongo wawo, anapempha chilolezo kwa kapitawo n'kukwera minibasi. Tinafika kwa Malemia dzuwa litapendeka. Katundu anali panjadi: sutikesi, mapoto, ndowa. Anthu atazungulira mpanda, manja m'chiuno, maimidwe omwe aja. A Tomasi anakhala pampando pakhonde, bambo wamkulu thupi, wogulitsa nsomba zouma, akudzipepesa ndi chipewa.

Atandiona anaseka. "Ehe! Wabwera ndi loya. Wakuba wabweretsa wakuba mnzake kudzamuchitira umboni."

Ndinagwada patali pang'ono, ndinapereka moni. Ndinati, "Bambo, sindinabwere kudzakangana. Zotsatira za kopima sizinabwere, ndiye sindinama kuti ndili nazo. Ndingopempha chinthu chimodzi. Nkhunda zodwalazo muzigwire nokha, ndi manja anu, mutambasule mapiko."

"Kuti chiyani?"

"Mukaona muziuza anthuwa, osati ine."

Anang'ung'udza, koma anadzuka. Anthu ankamuyang'ana, sakanakana. Amuna anga anafika nthawi yomweyo, n'kuima pachipata. A Tomasi anatola yoyamba, anatambasula phiko. Lothotholedwa, nthenga zikungophuka kumene. Anatola yachiwiri. Lothotholedwa. Yachitatu. Lothotholedwa. Anapita nazo mpaka yomaliza.

Ndinati, "Tsopano yang'anani padenga. Zomwe zikulira apozo ndi za ndani?"

"Zanga."

"Mwakhala nazo nthawi yaitali bwanji pakhomo lino, ndi mayi omwewa?"

"Chikwatirane."

"Zimagona khola limodzi ndi zodwalazi, zimadya pamodzi. Ilipo yanu yopotoka?"

Anapita kukhola, analowetsa mkono m'zipinda zonse, akutulutsa imodziimodzi. Anatulutsanso maunda awiri omwe anaswedwa komweko ndi nkhunda yochokera kwathu. Onenepa, makosi owongoka, akutsegula milomo kufuna chakudya.

Ndinati, "Bambo, ngati nkhunda zimaona tchimo, bwanji zanu zomwe zimawadziwa mayiwa zaka zonsezi sizikuona kanthu, koma alendo okha? Zodwala zonsezi zinamwa madzi malo amodzi, mumtondo wa pansi pa nsangu, pomwe kabawi amanyerapo. Zinabwera nawo matendawa m'thupi." Ndinafotokoza zonse zomwe alangizi anandiuza, mwachidule, monga ndakuuzirani inu.

A Tomasi anaima ndi kaunda m'dzanja. Anayang'ana kaundako, anayang'ana akazi awo, anayang'ana anthu a kumpanda. Kenako anakuwa, "Mukuonerera chiyani? Kuno kuli filimu? Bwerani munyamule mapotowa mulowetse, si inu munathandiza kutulutsa!" Anatembenukira kwa a Dominga nati, "Iwenso pakamwa pakopo. Unanditengera matenda pa njinga ndi ulaliki pamwamba." Anthu anaseka. A Dominga anaseka akulira. Mayi wina kumpanda anati, "Pyadidi, pyadidi, zakhala bwino," n'kuyamba kululutira.

Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana munthu mmodzi yekha, yemwe anaima pachipata. Tinabwerera limodzi, aliyense kabaza wake.

Titafika kunyumba amuna anga anapita molunjika pansi pa nsangu. Anayang'ana m'mwamba. Kabawi analipo, panthambi yake. Anayang'ana mizere yoyera ija pamtondo, anaikanda ndi chikhadabo. Abale, mtondo umenewu ndi womwe bambo awo anati susunthidwa, ndipo chiukhazikire palibe anaugwedezapo. Amuna anga anawerama, anataya madzi, anaukumbatira, anaunyamula mpaka kuseri kwa khitchini.

Tiyese anali atatereka ndiwo. Zitawira anatenga kabotolo ka mchere monga mwa masiku onse. Bambo ake anati, "Bweretsa kuno." Analandira kabotolo kaja, anayenda mpaka pomwe ndinakhala, anandipatsa ndi manja awiri.

"Mayi a Tiyese, ndiwo zikupsa."

Ndinathira mchere. Muyeso sunandisokonekere. Amuna anga anayamba ndi iwo kudya, ana akuona. Kenako Yohane anasendera, n'kutsegula pakamwa kuti ndimudyetse ngati khanda. Ambuye alemekezeke! Ndati Ambuye alemekezeke!

Mawu oti pepani anabwera mochedwa, patapita masiku, ndipo anali afupi. Ndinawalandira. Bala silinapole lonse, sindinama pamaso pa Mulungu. Pali masiku ndimakumbukira funso lija la dzina la wa lesitilanti, mtima n'kuwawa. Koma tikuyenda. Abusa akutithandiza.

Mvula itayamba alangizi anaimba foni. Anati opima anapeza timatumba ta kachilomboka mu mnofu wa pachifuwa, ndi kutupa mu ubongo, ndipo chitopa sanachipeze. Ndinathokoza. Koma pofika tsiku limenelo mchere ndinali ndikuthira kale.

Lero zinthu zili chonchi. Nkhunda zopotoka makosi sizinachire. Alangizi anati mankhwala amathandiza ukayamba msanga, ikapotoka ndiye kuti wachedwa. Zakufa tinazikwirira m'dzenje lakuya kuti kabawi asadyenso. Kabawi sitinamuphe, akugwira makoswe, ndipo sadziwa zomwe ananyamula. Tinangochotsa khola pansi pa mtengo n'kulimanga pambalambanda, ndi denga lakelake la udzu. Madzi ali pansi pa dengalo, m'beseni lomwe ndimatsuka m'mawa uliwonse. Mapira sitimwazanso pabwalo. Mtondo wa apongozi tinauwotcha mkati ndi makala, tinauika m'nyumba, ukusunga mbewu. Nkhunda sizinasamuke. A Tomasi anatibwezera maunda aja, ana a nkhunda za bambo, n'kuwonjezerapo zawo ziwiri. Mbewu siinathe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandikhazika pansi pa mtengo kuti ndione. Ndikuthokoza chifukwa anatseka pakamwa panga pa tsiku lomwe ndikanapha nalo munthu ndi mawu. Alamu anga a Dominga, takhuta poti munabwera kwa ine osachita manyazi. Bambo a Tiyese, zikomo chifukwa cha kabotolo kaja. Ndipo inu abale, nkhunda ikapotoka khosi pakhomo la mnzanu, musayambe kuyang'ana mkazi. Yambani mwayang'ana m'mwamba mumtengo.

Alangizi a ziweto avomera kubwera Loweruka likudzali, pabwalo la tchalitchi pano, nthawi ya m'mawa. Aliyense woweta nkhunda abwere, ndipo amene ali ndi yodwala aibweretse m'dengu lophimba. A Dominga ndi amene akuitana anthu a kwa Malemia. Kwathu m'khola latsopano muli nkhunda yomwe ikukhalira mazira awiri, ndipo tikuyembekeza kuti aswa sabata ya mawa. Matendawa amabisala miyezi iwiri, ndiye sindilengeza msanga ngati kale. Miyezi iwiri ikatha makosi ali owongoka, maunda oyamba ndidzapita nawo ku Bangula, ndipo amuna anga anena kuti adzandipalasa okha pa njinga. Amen.